Lipoti la wodwala: zala ziwiri zothyoka paphazi limodzi, mwini wake akuyendabe

Chidule

Bambo wa zaka 41, mlimi wa thonje ndi mapira yemwenso amanyamulira anthu katundu pangolo kudera la Ngabu m'boma la Chikwawa, anapondedwa ndi ng'ombe phazi lakumanja akuimanga pagoli. Anafika kuchipatala tsiku lachitatu, akuyenda yekha. Fupa lakunsonga kwa chala chachikulu linali lothyoka, ndipo bala la pansi pa chikhadabo linafika pafupalo. Chala chachiwiri chinathyokera chakutsinde n'kupotoka. Zonse ziwirizi zinadziwika ndi maso ndi manja, munthu asanajambulidwe.

Lipotili talembera anzathu a m'zipatala zing'onozing'ono kuno kuchigwa cha Shire, komwe makina ojambulira mafupa ali kutali, ndipo kusankha pakati pa kutumiza wodwala ndi kumubweza kumudzi kumachitika popanda chithunzi. Dzina, mudzi ndi zina zomwe zingamudziwikitse tazichotsa.

Mmene zinachitikira

Munali mu October, m'mamawa. Bamboyu anali atavala patapata, ataima pabwalo pafupi ndi khola. Ng'ombe inabwerera m'mbuyo, chiboda chakutsogolo n'kutera pazala. Dothi la makande nthawi imeneyi limakhala louma gwa, choncho zala zinatsinidwa pakati pa chiboda ndi nthaka yosalola. Kukanakhala kuti ndi m'dzinja, phazi likanatitimira m'matope ndipo mphamvu ina ikanathera mmenemo. Chachiwiri chofunika kwambiri: iye anasolola phazi chiboda chisanachoke. Pamenepo panali mphamvu ziwiri, yophwanya ndi yopotokola. Yophwanya imaswa fupa lakunsonga ndi kudzaza magazi pansi pa chikhadabo. Yopotokola imathyola fupa mopendekera ndipo imatha kuzula tsinde la chikhadabo. Ndi chifukwa chake funso lakuti "munatani itakupondani?" silofunsa mwachizolowezi chabe. Yankho lake limakuuzani poti muyang'ane.

Kunyumba anachita zomwe ambiri amachita. Mayi akunyumba anamuthowa ndi madzi otentha madzulo aliwonse. Mnansi wina anakoka chala chachiwiri kuti "chibwerere m'malo". Tsiku lachiwiri anatemedwa mphini zinayi pamwamba pa phazi n'kupakidwa mankhwala akuda, kenaka anamanga zala zonse ndi kansalu. Ngolo anapita nayo ulendo umodzi tsiku lomwelo.

Titamufunsa chifukwa chomwe anachedwera, anayankha kuti, "A dokotala, ine ndikuyenda, zalanso ndikugwedeza. Ndinati ndangobinya." Chomwe chinamubweretsa ndi usiku wachiwiri: chala chachikulu chinkagunda osamugoneka, ndipo m'mawa kansalu kanali konyowa ndi madzi a fungo.

Analibe mbiri ya matenda a shuga, zilonda za m'mimba kapena impso. Mankhwala a gulu la penicillin anamwapo kale osamuwenga. Amasuta chingambwe. Za katemera wa kafumbata sankakumbukira kuti anabayidwapo chikulire.

Zomwe tinapeza

Analowa akupondera chidendene ndi m'mphepete mwa phazi chakunja, zala atazikweza. Kutentha kwa thupi kunali 37.4, mtima ukugunda ka 88 pa mphindi, BP 128/80, shuga 5.8 mmol/L.

Tinayamba ndi kutsuka. Phazi lokutidwa ndi fumbi, magazi ouma ndi mankhwala opaka silipimika, ndipo kabala kakang'ono komwe kamasintha chithandizo chonse kamabisala pansi pa zimenezo. Kenaka tinamukhazika pabedi, miyendo yonse yotambasula, mapazi onse awiri ali pamtunda, woyeza ataima kumapazi n'kumayang'ana zala kuchokera kunsonga. Phazi labwinolo ndiye muyeso. Anthu ambiri ali ndi zala zokhota chibadwire, makamaka chachinayi ndi chaching'ono, ndipo ukapanda kufananiza umawongola chomwe sichinathyoke kapena kusiya chomwe chathyoka.

Chala chachikulu chinali chotupa kuyambira pamfundo mpaka kunsonga, chotentha pochikhudza. Pansi pa chikhadabo chonse panali magazi akuda. Chikhadabocho chinkaoneka chachitali kuposa cha kumanzere, ndipo chifukwa chake chinali choti tsinde lake linatuluka m'kathumba ka khungu momwe limakhala, n'kukhala pamwamba pa khungulo. Potsindira pang'ono pambali, pansi pa tsindelo pankatuluka madzi ofiirira osakanikirana ndi mafinya ochepa. Apa tiyime pang'ono, pakuti apa ndiye pamutu pa nkhani. Pakati pa chikhadabo ndi fupa lakunsonga pali kamnofu kopyapyala kwambiri, komata pafupa lenilenilo. Fupa likathyoka n'kupindikira pansi, kamnofuko kamang'ambika ndipo tsinde la chikhadabo limadumphira kunja. Simuona fupa likusuzumira monga zimakhalira pamwendo, koma njira ya tizilombo yatseguka kale kuchokera kunja mpaka pafupa. Chala chotere chiwerengedwe ngati fupa lothyoka lokhala ndi bala, kufikira chithunzi chitakana.

Chala chachiwiri chinalibe bala. Chinali chotupa chakutsinde, chofupikirako pafupifupi mamilimita 3 pochifananiza ndi chinzake, ndipo chikhadabo chake chinkayang'ana chala chachitatu pamene zina zonse zinkayang'ana kumwamba. Atauzidwa kuti apinde zala, chinkalowa kunsi kwa chachitatu. Kunsi kwa chalacho, komwe khungu ndi loyererako, kunali mtundu wakuda wa magazi ofalikira. Pamwamba sizinkaoneka n'komwe. Pakhungu lathu lakuda, magazi ofalikira afunefuneni kunsi kwa chala, m'mipata ya zala ndi pansi pa chikhadabo, ndipo dziwani kuti tsiku loyamba angakhale asanaonekere.

Tinayesa zinthu ziwiri ndi manja. Choyamba, kutsindira ndi nsonga ya chala chimodzi pang'onopang'ono kutsata fupa, kuyambira komwe sikupweteka. Ululu unali pamalo amodzi enieni, pakati pa fupa lakutsinde, osati pamfundo. Chachiwiri, kugwira nsonga ya chalacho n'kuikankhira mofatsa kulunjika kuphazi, osapinda. Analumpha, n'kuloza pamalo omwe aja, kutali ndi pomwe tinagwira. Munthu wongobinya, kukankha kotere sikumupweteka kwenikweni. Chomwe chimamupweteka ndi kupendeketsa chala chakumbali, ndipo ululu wake umakhala pamfundo. Pachala chachikulu sitinayese zimenezi. Panali kale zizindikiro zokwanira, ndipo kugwedeza fupa pofuna kumva kukhuluzana kwake n'kuzunza munthu popanda phindu.

Chiboda cha ng'ombe n'chachikulu kuposa zala ziwiri, choncho tinapitiriza kumtunda. Tinatsindira mafupa aatali asanu a phazi limodzilimodzi, tsinde la fupa lachisanu lomwe limatumphuka m'mphepete mwa phazi chakunja, kafupa kotumphuka chamkati kutsogolo kwa kakolo, ndi pakati pa phazi. Sipanapweteke. Kunsi kwa phazi chapakati kunalibe magazi ofalikira. Akanakhalapo tikanaganizira kuvulala kwa mfundo za pakati pa phazi, komwe n'koopsa kuposa chala. Phazi silinali lotupa mothina, ndipo kuwongola zala zitatu zotsalazo sikunamupweteke.

Magazi ankafika. Potsina kamnofu ka kunsi kwa nsonga ya chala chilichonse, mtundu unkabwerera masekondi 2 asanakwane. Pachikhadabo chodzaza magazi simungayezepo zimenezi. Mtsempha wa pamwamba pa phazi unkagunda bwino, ndipo ankamva kukhudza mbali zonse za zala. Mphini zinali zouma. Panalibe mizere yofiira yokwera mwendo, koma mwanabere wa kumanja anali wopweteka pang'ono.

Chifukwa chake kuyenda sikutsimikizira kanthu

Phazi lili ndi mafupa 26, ndipo 14 mwa amenewa ali m'zala: awiri m'chala chachikulu, atatu m'chala china chilichonse (anthu ena chala chaching'ono chimakhala ndi awiri okha chifukwa akunsonga analumikizana chibadwire). Munthu akaima, thupi limalemera pachidendene ndi pamitu ya mafupa aatali, kuseri kwa zala. Zala zimagwira ntchito kwambiri kumapeto kwa sitepe, pokankha nthaka, makamaka chachikulu. Wothyoka chala amangosiya kukankhako, n'kumayenda monga anachitira bamboyu. Kugwedeza nako sikuthandiza kusiyanitsa. Minyewa yomwe imapinda ndi kuwongola zala imachokera ku minofu ya mumwendo ndi m'phazi, ndipo imakokabe chala ngakhale fupa lili pawiri. Choncho mawu akuti "akuyenda" kapena "akugwedeza" asalembedwe m'buku la wodwala ngati chifukwa chomubwezera.

Kutupa ndi ululu sizisiyanitsanso, chifukwa wopunthwa wamba amatupa. Zomwe ife timadalira ndi izi: chala chokhota, chofupika kapena chopotoka pochifananiza ndi chinzake, ululu wa pamalo amodzi pafupa, ululu pokankhira chala kuphazi, ndi magazi otuluka patsinde la chikhadabo. Chimodzi chokha mwa izi chikwanira kuti chalacho chisamalidwe ngati chothyoka.

Chithandizo choyamba ndi kutumiza

Pachipatala chaching'ono tinatsuka chala ndi madzi a mchere a m'botolo la diripi, n'kuphimba ndi gozi (kansalu kophimbira mabala) wonyowetsedwa ndi madzi omwewo. Sitinazule chikhadabo kapena kuwongola chala pamenepo. Anamwa paracetamol 1 g, anabayidwa katemera wa kafumbata 0.5 ml paphewa, ndi mankhwala opha tizilombo a ceftriaxone 2 g mumtsempha asananyamuke. Pa fupa lokhala ndi bala, mankhwala opha tizilombo sadikira chithunzi. Phazi tinaligoneka pakatoni yolimba yopindidwa kawiri, yopitirira nsonga za zala, n'kukulunga bandeji mosathina, nsonga zili poonekera. Tinamulangiza kukwera minibasi mwendo atautambasula, osati kabaza wa njinga yamoto pomwe phazi limalendewera ulendo wonse mufumbi.

Za kafumbata tisazipeputse. Bala lake linali lophwanyika, linachitikira pafupi ndi khola pomwe dothi ndi losakanikirana ndi ndowe, linapakidwa mankhwala, ndipo linatha masiku. Katemera wa kafumbata wa akuluakulu m'dziko muno amafikira kwambiri amayi kudzera kusikelo, pamene abambo ambiri chiwabayireni ali makanda sanalandirenso. Katemera woyamba satchinjiriza bala la lero mwamsanga. Pomwe jakisoni wa tetanus immunoglobulin (chitetezo chokonzeratu cha kafumbata, chogwira ntchito nthawi yomweyo) alipo, bala lotere limafunika ameneyonso, ndipo m'kalata yotumizira tinalembamo zimenezo.

Chithunzi

Kuchipatala cha boma anajambulidwa mbali zitatu: chapamwamba, chopendekera ndi cham'mbali. Pojambula cham'mbali zala zimaphimbana, choncho zina zimakokedwa ndi kachingwe ka bandeji kuti chomwe chikufunikacho chioneke chokha. Fupa lakunsonga la chala chachikulu linaduka mopingasa pafupi ndi tsinde la chikhadabo, zidutswa zitatalikirana pafupifupi mamilimita 2, mng'alu osafika m'mfundo. Fupa lakutsinde la chala chachiwiri linathyoka mopendekera chapakati, zidutswa zitapitirirana pang'ono. Mafupa aatali anali bwino.

Kupotoka kuja pachithunzi sikunkaoneka bwino, ndipo nthawi zambiri sikuoneka. Wongowerenga chithunzi akanati chala chachiwiri changosuntha pang'ono, chimangidwe mmene chilili. Chikhadabo ndicho chinaulula. Wotumiza wodwala alembe m'kalata komwe chikhadabo chikuyang'ana.

Zomwe zinachitidwa

Ntchitoyi inagwiridwa ndi clinical officer wa mafupa. Anthu amenewa akhala akuphunzitsidwa ku Blantyre kuyambira 1985, ndipo m'zipatala za maboma ndiwo amasamalira ambiri othyoka.

Zala zonse ziwiri zinachititsidwa dzanzi ndi lignocaine wa 1% wopanda adrenaline, wobayidwa patsinde la chala, kutali ndi malo a mafinya: 2 ml mbali iliyonse ya chala chachikulu ndi 1 ml pamwamba pake, kenaka 1.5 ml mbali iliyonse ya chachiwiri. Zonse pamodzi 8 ml, kapena kuti 80 mg, zomwe zili pansi kwambiri pa malire a 3 mg pa kilogalamu kwa munthu wa makilogalamu 62. Anadikira mphindi 10. Ambiri amayamba msanga, wodwala n'kukuwa, iwo n'kuwonjezera mankhwala omwe amangotupitsa chala.

Chikhadabo chinachotsedwa chonse. Chikanakhala bala la tsiku lomwelo loyera, chikanatsukidwa n'kubwezeretsedwa m'kathumba kake kuti chichirikize fupa. Pano pansi pake panali mafinya, ndipo kuchibwezera kukanakhala kuwatsekera. Kamnofu ka pansi pake kanali kong'ambika mopingasa, molunjika pomwe fupa linaduka, ndipo m'ng'ambamo munali magazi oundana ndi timchenga. Anatsuka ndi lita imodzi ya madzi a mchere pogwiritsa ntchito sirinji ya 20 ml, kutsegula pang'ono pothyokapo kuti madzi alowe, n'kudula timinofu takufa tokha. Fupa linabwezeretsedwa pokankhira nsonga m'mwamba. Balalo silinasokedwe mothina. Kagozi ka mafuta kanalowetsedwa m'kathumba ka tsinde la chikhadabo kuti khungu lisamatirire pansi, chifukwa likamatirira chikhadabo chatsopano chimasowa potulukira ndipo chimamera chogawikana.

Chala chachiwiri chinakokedwa molunjika kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka kutalika kutabwerera, kenaka n'kuzunguliridwa kufikira chikhadabo chitayang'ana kumwamba mofanana ndi zinzake. Atachisiya sichinabwerere. Kusiyana kwa kukoka uku ndi kwa mnansi uja n'koti kuno kunali dzanzi, minofu inali yomasuka, tinkadziwa pomwe fupa laduka ndi komwe likuyenera kupita, ndipo litangobwerera linamangidwa. Kukoka kopanda kumanga kumangong'amba magazi oundana omwe ayamba kulumikiza fupa. Pa tsiku lachitatu kuwongola n'kosavuta. Pakadutsa sabata ndi theka fupa limakhala litayamba kugwirana pomwe lili.

Chinamangidwa pamodzi ndi chachitatu, osati chachikulu chomwe chinali ndi bala lofuna kutsukidwa. Kenaka mwendo unaikidwa chikhakha chakumbuyo kokha, kuchokera kunsi kwa bondo, kakolo ali mowongoka ngati munthu waima, chikhakhacho chitapitirira nsonga za zala ndi sentimita imodzi kuti zigonepo. Chikhakha chozungulira mwendo wonse sichiyenera pa phazi lotupa lokhala ndi bala.

Anagonekedwa masiku 3, mwendo uli pamapilo awiri, akulandira ceftriaxone 2 g kamodzi pa tsiku ndi mankhwala ena opha tizilombo a metronidazole 400 mg katatu pa tsiku chifukwa cha dothi la kukhola. Anatuluka ndi flucloxacillin 500 mg kanayi pa tsiku kwa masiku 7, womwa m'mimba muli mopanda kanthu, metronidazole wotsala, ndi chenjezo loti asamwe mowa ali pa metronidazole. Za ululu: paracetamol 1 g maola 6 aliwonse, osapitirira 4 g pa tsiku, ndi ibuprofen 400 mg katatu pa tsiku atadya, kwa masiku ochepa okha. Kuno October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu amatha madzi m'thupi, ndipo ibuprofen pa munthu wouma amavulaza impso. Auzidwe kumwa madzi ambiri. Wa zilonda za m'mimba, wa impso ndi mayi woyembekezera asapatsidwe ibuprofen.

Chala chomwe chingathere pachipatala chaching'ono

Sikuti aliyense wothyoka chala akwere galimoto. Chala chimodzi mwa zinayi zing'onozing'ono, chowongoka, chopanda bala, chomva, chomwe magazi akufika, mafupa aatali a phazi osapweteka, chithandizo chake n'chimodzimodzi kaya chajambulidwa kaya ayi. Kumuuza mlimi wa ku East Bank kapena wa kutsidya kwa Shire ku Makhanga kuti awononge ndalama ya ulendo pofuna chithunzi chomwe sichisintha kanthu si chilungamo.

Kamangidwe kake nkotere. Sambitsani ndi kuumitsa bwino. Ikani kagozi kouma kopindidwa pakati pa chala chothyoka ndi choyandikana nacho chomwe chikufanana nacho kutalika. Dulani pulasitala wa sentimita imodzi m'lifupi, timizere tiwiri, kamodzi chakutsinde, kena chakunsonga, osaphimba chikhadabo. Muzungulize mongogoneka, osakoka. Mukatha tsinani nsonga muone ngati mtundu ukubwerera, ndipo yang'ananinso komwe chikhadabo chaloza. Zikhale zomangidwa masabata 4 mpaka 6.

Zolakwika zake n'zodziwika. Kuiwala gozi: zikopa ziwiri zothukuta zikakhudzana masiku angapo m'kutentha kwa kuno zimayera, kufewa n'kusupuka. Kumanga mothina tsiku loyamba, kutupa kukadakwera: chala chimachita dzanzi n'kuzizira. Kusiya pulasitala wonyowa atasamba kapena atawoloka madzi. Kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga, womwe umathina wokha mosalekeza ndipo ungathe kupha chala. Pulasitala ndi gozi zisinthidwe masiku 2 kapena 3 aliwonse, komanso nthawi iliyonse zikanyowa, ndipo wachibale aphunzitsidwe pomwepo, amange mukuona.

Nsapato ikhale ya pansi polimba, yosapindika poyenda. Patapata ndiye woipitsitsa, chifukwa zala zimachita kumugwira kuti asavuke. Nsapato ya tayala lochindikala yokhala ndi lamba wakumbuyo imagwira ntchito, kapena kathabwa kopyapyala kodulidwa muyeso wa phazi n'kuikidwa m'nsapato yaikulupo. Gambuti amatchinjiriza koma amasunga thukuta tsiku lonse. Masiku 2 kapena 3 oyamba phazi likhale pamwamba kuposa chiuno, ndipo aziikapo nsalu yonyowetsedwa m'madzi ozizira a mumtsuko kwa mphindi 15 mpaka 20 kangapo pa tsiku ngati palibe bala. Kuthowa ndi madzi otentha masiku amenewa kumatsegula mitsempha ya magazi n'kuwonjezera kutupa, ndipo wa dzanzi kumapazi amapsa osadziwa.

Magazi a pansi pa chikhadabo, ngati tsinde ndi m'mbali mwake zili m'malo ndipo munthu wabwera masiku 2 asanathe akumva kugunda, amatulutsidwa poboola chikhadabo ndi nsonga ya singano yaikulu yatsopano, kuizunguliza pang'onopang'ono mutapukuta ndi ayodini. Ululu umatsika nthawi yomweyo. Pakadutsa masiku 2 magazi amakhala ataundana ndipo kuboola sikutulutsa kanthu.

Wotumizidwa tsiku lomwelo ndi uyu: wa bala lililonse pafupi ndi pothyoka, kuphatikizapo magazi a patsinde la chikhadabo. Wa chala chozizira, chotuwa kapena chosamva. Wa chala chachikulu chokhota kapena chopweteka pamfundo, pakuti mng'alu wolowa m'mfundo n'kutenga gawo loposa limodzi mwa magawo 4 a mfundoyo, kapena wosuntha, ungafune kuti fupa ligwiridwe ndi waya, ndipo ena amapitirira mpaka ku Queen Elizabeth Central Hospital. Wa chala choguluka pamfundo, kapena chobwerera kukhota mukachiwongola. Wa zala zingapo, kapena phazi lotupa mothina lomwe ululu wake ukukulirakulira. Wa shuga, kapena wa dzanzi la kumapazi pa chifukwa chilichonse monga khate, asamangidwe pulasitala n'kuiwalidwa, chifukwa sadzamva chikamathina.

Za ana

Mwana wopunthwa chala chachikulu akusewera mpira wa chikulunga opanda nsapato, n'kutuluka magazi patsinde la chikhadabo, ndi yemwe timamuopera kwambiri. Malo okulira fupa lakunsonga ali kunsi kwenikweni kwa tsinde la chikhadabo, ndipo ndi ofewa kuposa fupa. Amatseguka pamenepo, kamnofu n'kulowa pakati. Kunja kumangooneka timagazi tochepa, makolo n'kumanga kansanza. Pakatha sabata kapena awiri mwana amabwera ndi mafinya a m'fupa. Mwana wotere atsukidwe, ayambe mankhwala opha tizilombo, atumizidwe. Komanso mwana wamng'ono wotupa zala za kumapazi kapena kumanja popanda kuvulala, makamaka mbali zonse ziwiri, ayezedwe matenda a magazi a sickle cell.

Kwa akulu, chala chotupa popanda nkhani yomveka ya kuvulala chikhoza kukhala gauti (nyamakazi ya m'mfundo), yomwe imakonda mfundo ya patsinde la chala chachikulu ndipo imayamba usiku, kapena munga wothyokera mkati, thekenya lochita mafinya, katungwi wa m'mbali mwa chikhadabo, kapena kulumidwa ndi chinkhanira.

Mmene anachirira

Bala linkatsukidwa masiku 2 aliwonse pachipatala chaching'ono. Sabata yoyamba itatha anajambulidwanso, ndipo mafupa onse anali pomwe anasiyidwa. Mafinya anali atasiya, mwanabere ataphwa.

Sabata yachiwiri anabwera chikhakha chitafewa chakuphazi, gozi wa pakati pa zala atanyowa ndi kuda, khungu la mumpatamo litayera n'kusupuka. Anali atalowa m'khola kukatulutsa ng'ombe chifukwa mnyamata yemwe ankamuthandiza anachoka. Pamenepa kukalipa sikuthandiza. Ngoloyo ndiyo imadyetsa banja, ndipo mvula yoyamba inali pafupi. Tinakhala pansi ndi iye ndi mayi akunyumba n'kupeza mphwake woti agwire ng'ombe kwa mwezi umodzi, iye n'kumangolondolera atakhala. Mpata wa zala unatsukidwa, kuumitsidwa, kupakidwa ayodini, n'kumangidwanso ndi gozi wouma wosinthidwa tsiku lililonse. Chikhakha chinapangidwa china. Tinamuuzanso mosabisa kuti fodya amachedwetsa kulumikizana kwa fupa ndi kupola kwa bala, ndipo anachepetsa ngakhale sanasiye.

Sabata yachitatu bala la pachikhadabo linali litauma, ndipo chikhakha chinachotsedwa. Anayamba kuponda ndi nsapato ya pansi polimba, zala ziwiri zija zikadali zomangidwa. Katemera wachiwiri wa kafumbata analandira pa sabata yachinayi. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi kutsindira mafupa onse awiri sikunkapweteka, pulasitala anachotsedwa, ndipo chala chachiwiri chinali chowongoka, osalowanso kunsi kwa chinzake popinda. Anaphunzitsidwa kupinda ndi kuwongola zala ndi dzanja, ka 10 m'mawa ndi madzulo.

Pa mwezi wachitatu ankayenda ndi ngolo tsiku lonse atavala nsapato yotseka. Mfundo yakunsonga ya chala chachikulu inkapinda pafupifupi theka la mmene ya kumanzere imapindira, koma sizinkamuvuta poyenda. Zala zinkatupabe pang'ono madzulo, zomwe zimatha kupitirira miyezi ingapo. Chikhadabo chatsopano chinali chitangotulukira, chokhala ndi mzere wopingasa. Cha kuphazi chimatenga miyezi 12 mpaka 18 kuti chikwanire, ndipo anauzidwa kuti chikamakula azichiwenga molunjika, osadula ngodya, kuti chisalowe m'mnofu.

Chomwe tikuyang'anirabe ndi fupa lakunsonga, pakuti linakhala ndi dothi masiku 3 lisanatsukidwe, ndipo matenda a m'fupa amatha kuonekera mochedwa. M'buku lake mwalembedwa kuti akaona kabowo kotuluka madzi pafupi ndi chikhadabo, kutupa kofiira kobwerera, kapena kugunda kwa usiku, ajambulidwenso asanapatsidwe mankhwala ena alionse. Mwalembedwanso tsiku la katemera wachitatu wa kafumbata, miyezi 6 kuchokera pa wachiwiri, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake wauzidwa kuti adzamukumbutse.